Mluzu wa Kutsidya kwa Chigwa

Tirebolu, 19 Ogasiti 1984

Mlongo wanga Remzi,

Landira moni wochokera kwa mchemwali wako Nezahat, ngati dzinali ukulikumbukabe. Ndikupsompsona maso ako ndi a mwana wako Sevim, ndipo mlamu wanga umupatse moni. Kuno tili bwino. Alamu ako a Cemal akadali padoko, kugulitsa tiyi ndi kusimba za nsomba zimene sanagwirepo. Ine bondo ndi lomwe lija, limadziwa za mvula wailesi isananene. Kalata yako yomaliza inali yaifupi moti ndinasuzumira mu envulopu kuona ngati pepala lina latsalira. Undiuze za chifuwa chija, chinatha kapena ukubisa?

Nkhani ndi ya amayi. Akuti chaka chino satsika kuphiri. Ndinakwera kumsasa wa ng'ombe sabata yatha pa lole yonyamula tchizi, ndipo ndinawapeza ali bwinobwino, ng'ombe yawo itanenepa kuposa iwo. Nditafunsa tsiku loti tidzawatenge, anandiyang'ana ngati ndawatukwana, n'kunena kuti ofuna kutsika atsike, iwo atsala. Iwe ukudziwa kuti chipale chofewa chikagwa kumeneko nyumba imakwiririka mpaka kungotsala chumuni. Palibe amene amakhalako m'nyengo yozizira, ngakhale mnyamata wamphamvu. Amayi sangathe sabata.

Ndinawaumiriza mpaka ananena. Akuti masana chifunga chikakwera, kutsidya kwa chigwa kumamveka mluzu. Sakunena wongopirikitsira mbuzi ayi, koma wathu uja woyankhula, umene tinakula tikutumizirana nawo mawu phiri ndi phiri. Akuti umatchula dzina lawo, Gulizar, n'kufunsa ngati akubwera. Akuti kaimbidwe kake ndi ka abambo.

Remzi, abambo tinawaika kalekale. Iwe unali utapita kale ku Jeremani, koma ine ndinaona ndi maso angawa. Anawoloka chigwa chomwecho m'chifunga kukafuna ng'ombe, ndipo tinawapeza chipale chitasungunuka. Ndinawakumbutsa amayi zonsezi, iwo anati akudziwa, sanapenge. Nditafunsa ngati amayankha, anakwiya zenizeni.

"Wandiona ngati mwana? Munthu wamoyo akaimba m'chifunga amatchula dzina lake, uyu satchula. Sindingamuyankhe. Koma sindingachokenso iye akuyankhula."

Ndinakhala pakhonde masana onse. Chifunga chinabwera, ndipo sindinamve kanthu koma mabelu a ng'ombe. Komabe ndinatsika mtima uli m'mwamba, ndipo mpaka lero sunakhazikike.

Bwera udzawatsitse chipale chisanagwe. Iwe amakumvera chifukwa uli kutali, ine amandiona ngati tsache la m'nyumba. Uyankhe msanga, ndipo pepala ulidzaze.

Mchemwali wako,
Nezahat


Duisburg, 3 Seputembala 1984

Achemwali anga,

Ndikupsompsona manja anu ndi a amayi. Alamu muwapatse moni. Kuno tonse tili bwino. Chifuwa chinachepa, ndipo mufakitale yazitsulo muno munthu wosatsokomola ndi amene timamudabwa.

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Ndinafunsa dokotala wa kuntchito, ndipo akuti okalamba ambiri makutu amawalirira okha, makamaka akamakhala paokha nthawi yaitali. Ndatumiza mankhwala odontheza m'khutu ndi jekete la ubweya. Musadzipatse mantha ndi nkhani za kuphiri, tinazisiya kale zimenezo.

Mundikhululukire pofunsa. Kodi amayi akukana kutsika chifukwa cha mluzu, kapena pali mawu amene anamva kunyumba kwanu chaka chatha? Ngati malo achepa ndipo alamu atopa nawo, mungondiuza poyera, sindikwiya. Tiona pena powasungira.

Tchuthi andikaniza. Akuchepetsa anthu, ndipo wopempha kupuma ndi amene amayamba kuonetsedwa chipata. Koma Sevim wamaliza maphunziro ake a unamwino, ndipo wakhala akundisowetsa mtendere kuti akufuna kuona kwathu, poti anafikako ali kumsana. Ndimutumiza iyeyo. Adzaona tauni ndi nyanja, kenako akwere kukatenga agogo ake. Amayi akhoza kukaniza inu ndi ine, koma mdzukulu amene wawolokera maiko sangamubweze chimanjamanja. Chiyankhulo chathu amachikhotetsa, musamuseke kwambiri.

Mundilembere akangofika.

Mlongo wanu,
Remzi


Tirebolu, 20 Seputembala 1984

Adadi,

Ndikupsompsona manja anu ndi a amama. Azakhali akuti kalata ya munthu woleredwa imayamba chonchi. Ndafika bwino. Mundiuze ngati mukumwa mankhwala a chifuwa, ndipo amama asakuikireni kumbuyo.

Basi inayenda m'mphepete mwa nyanja mpaka msana wanga unauma. Linga la pathanthwe lija munkalisimba ngati phiri, koma ndi kakang'ono, ndinalizungulira ndisanamalize kudya buledi. Komabe ndimapitako m'mawa uliwonse. Ukaima pamwamba n'kufulatira nyanja, tauni yonse imaoneka ngati yakakamira phiri kuti isagwere m'madzi, nyumba zakale zamatabwa zitasanjikizana. Pamwamba pa mapiri pamakhala mtambo umodzi wosasuntha. Azakhali akuti agogo ali m'kati mwa mtambo umenewo.

Azakhali akukwiyirani. Mankhwala a m'khutu aja awaika pashelefu pafupi ndi chithunzi chanu, akuti mudzadonthezere nokha, mwina mungayambe kumva. Za malo kuchepa zija musadzazibwerezenso, analira. Chipinda cha agogo chili chokonzeka, mbaula ndi nkhuni zomwe, ndipo amalume a Cemal ndi amene anapenta khoma.

Mtedza wa findik auyanika m'misewu monse, munthu umayenda cholumpha. Aliyense akufuna kundimwetsa tiyi ndi kundipezera mwamuna. Mayi wina wandilonjeza mwana wake wa boti, akuti mano ake ndi athunthu.

Chinthu chimodzi chokha chandidabwitsa. Kulinga kuli bambo wokalamba amene amasesako. Atafunsa kuti ndine wa kwa yani, ndinati mdzukulu wa a Gulizar a kumsasa wa kumtunda. Anasiya kusesa. Anati anthu a kumeneko atsika msanga chaka chino, udzu usanathe n'komwe. Nditafunsa chifukwa chake, anati ng'ombe zinayamba kukana kudya mbali ya kuchigwa. Kenako anayambiranso kusesa pamalo pamene anali atasesa kale.

Mawa ndikwera pa lole ya a Nuri, amene akutsitsa katundu wa otsalira. Azakhali sapita nawo, bondo latupa. Pondimangira kamba anandifunsa ngati ndimamva chiyankhulo cha mluzu. Ndinaseka, ndinati chapakamwa chomwe chikundivuta. Iwo anati bola choncho, n'kundiwonjezera masokosi.

Ndiwabweretsa agogo, muona.

Mwana wanu,
Sevim


Duisburg, 24 Seputembala 1984

Achemwali,

Moni kwa nonse, ndikupsompsona manja anu. Sindinalandire kanthu chichokere Sevim, mwina makalata ali m'njira. Ndayesa kuimba foni kupositi kwanu, ikungolira m'khutu n'kudula. Ndiye ndalemba mothamanga pa nthawi ya chakudya.

Dzulo ndinaona bambo wina akuitana mwana wake ali pawindo, ndipo ndinakumbuka kanthu. Sevim ali wamng'ono ankasewera pabwalo pansi pa nyumba yathu, ife tikukhala pamwamba. Kukuwa azungu amadana nako, ndiye ndinkamuitana ndi mluzu wakwathu. Ndinamuphunzitsa yankho limodzi lokha. Iye amangoti ndi kanyimbo kathu ka awiri, sadziwa kuti ndi mawu. Koma inu mukaumva muuzindikira. Umati: ndamva, ndikubwera. Amauimba bwino kwambiri, kuposa ine.

Sikuti ndayamba kukhulupirira za amayi zija. Ndikadali pa mawu a dokotala. Koma chikumbukirireni chakudya sichikutsika, ndipo ndikungoona agogo athu aja akutikoka makutu tikaimba mluzu chifunga chitakwera. Ngati sanakwere, mumuuze kuti kuphiri asaimbe mluzu ngakhale pang'ono. Ngati wakwera, tumizani mawu ndi aliyense amene akupita. Musamufotokozere zambiri, angandiseke.

Mundiyankhe tsiku lomwelo.

Remzi


Kumsasa, 1 Okutobala 1984

Adadi,

Moni, ndikupsompsona manja anu. Kuno kulibe positi, ndiye sindikudziwa ngati mwandilembera. Kalatayi ndipatsira a Nuri. Ndiyambe ndi nkhani yabwino: agogo avomera, titsika Lachinayi. Mukonzeke kundigulira chinachake, chifukwa ntchito imene inakanika akuluakulu awiri ndaigwira ine.

Kumsasa kuno kwatsala ife tokha. Nyumba zina zonse n'zotseka, mawindo okhomera matabwa, ndipo utsi umatuluka pachumuni chimodzi. Agogo si aja ndinkawaganizira. Anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka tsitsi, n'kunena kuti ndawonda ngati nkhuku ya m'tauni, kenako anandipatsa chidebe kuti ndikakame ng'ombe. Tsiku loyamba sanafunse za inu. Lachiwiri anafunsa ngati mukadali ndi tsitsi.

M'mawa kumakhala kokongola moti umaona mpaka nyanja, kachingwe kobiriwira kutali. Koma dzuwa likangopendeka chifunga chimakwera kuchokera m'chigwa, mwakachetechete, n'kumameza nyumba imodziimodzi mpaka sungaone khola uli pakhonde. Agogo amasiya chilichonse chimene akuchita, n'kukhala pabenchi manja ali pamaondo.

Adadi, si makutu awo. Inenso ndaumva. Ndi mluzu wautali wokhotakhota, wochokera kutsidya kwa chigwa. Ndinaganiza kuti ndi mbusa, ndipo ndikuganizabe choncho. Chimene chinandigwira mtima n'choti kumapeto kwake umafanana ndi mmene munkandiitanira pawindo ndili mwana. Ndinakusowani kwambiri. Tsiku lina, ndisanaganize n'komwe, ndinaika chala pakamwa n'kuimba kanyimbo kathu koyankhira kaja.

Agogo anandimenya pakamwa. Chibadwire sindinamenyedwepo, ndipo mlomo unatupa. Kutsidya kunati zii, belu la ng'ombe nalo linasiya kulira. Kenako mluzu unabweranso, waufupi. Ndinafunsa agogo kuti akuti chiyani, iwo anati akufunsa kuti wayankha ndani. Ndinati ndiye tiwauze, vuto lili pati. Anandikokera m'nyumba n'kutseka chitseko masanasana.

Mawa lake mluzu sunachokerenso kutsidya, unamvekera pansi cha kumtsinje. Tsiku linalo unali pakati pa nyumba zotseka zija. Dzulo unali kuseri kwa khola, pafupi kwambiri moti ndinamva munthuyo akukoka mpweya asanaimbe. Ndinafuna kutuluka ndikamulonjere, koma agogo anakokera mpando pachitseko n'kukhalapo. Mwina mbusayo mutu wake suyenda bwino, ndipo agogo akundiopera. Chifunga chitachoka ndinakayang'ana kuseri kwa khola. Matope ali ponseponse, koma mapazi ndi a ng'ombe okhaokha. Ndivomere kuti pamenepo ndinabwerera m'nyumba chothamanga.

Madzulo ake ndi pamene anavomera, ndisanawapemphenso. Anandiphikira phala lachimanga la tchizi ndi batala wambiri, anandipaka mafuta pamlomo, n'kundipesa tsitsi nthawi yaitali. Kenako anati ndiuze a Nuri abwere Lachinayi ndi zingwe za ng'ombe. Andilamula kuti mpaka tsikulo ndisatuluke chifunga chikakwera, ndipo chala chisayandikire pakamwa.

Mwaona? Mankhwala ake anali osavuta. Amangofuna munthu woti amudere nkhawa. Muwauze amama kuti ndanenepa.

Mwana wanu,
Sevim


Tirebolu, 11 Okutobala 1984

Remzi,

Moni. Ndikupsompsona maso ako ngakhale mtima ukukana. Uthenga wamaliro pa telegalamu unaulandira, ndipo yankho lako loti sutha kufika tinaliona. Amayi tawaika pafupi ndi abambo. Pano ndikulemba zimene telegalamu singanyamule.

Kalata yako yonena za mluzu inafika Lachinayi m'mawa. Ndinaiwerenga chiimire papositi. Ndinathamanga ndi bondo langali mpaka poimira malole, koma Nuri anali atanyamuka kale kukawatenga. Ndinakhala pamwala kudikira, anthu akundifunsa ngati ndadwala. Lole inatsika madzulo ili ndi ng'ombe, mabulangete, mapoto ndi mwana wako. Amayi munalibe.

Zotsatirazi ndazimva kwa Nuri, chifukwa Sevim sakuyankhula kwenikweni. Akuti anawapeza amayi atamanga katundu yense, m'nyumba atasesa, atavala diresi yawo yopitira kuukwati. Ng'ombe anaikweza okha akuinong'oneza m'khutu. Sevim anamukhazika kutsogolo n'kumufunditsa mpango wawo. Chifunga chinali chitayamba kale kukwera, dzuwa lili pamutu, nthawi yake isanakwane. Kenako amayi anati aiwala kutseka windo lakuseri, n'kubwerera. Nuri anadikira injini ikulira. Ataona kuti akuchedwa anaizimitsa, ndipo ndi pamene anamva.

Nuri ndi mwana wa chigwa chathu, mluzu amaumva ngati ine ndi iwe. Akuti woyamba unachokera pambali pa lole penipeni, kuchitseko kumene kunakhala Sevim, ndipo unafunsa kuti amene analonjeza kubwera uja ali kuti. Panalibe munthu wooneka. Pomwepo amayi anaimba kuchokera kumtunda, akutchula dzina la abambo. Nkhalamba yopanda mano, koma akuti chigwa chonse chinamva.

"Bekir, ndine Gulizar. Amene anayankha uja ndine, milomo yakalamba, n'chifukwa chake sunandizindikire. Mwanayo ndi mlendo, musiye. Ndikubwera."

Akuti kenako mluzu wina uja unamvekera chapatali, cha kunjira yotsikira kumtsinje, wa amayi ukuutsatira pambuyo.

Sevim anafunsa kuti agogo akuti chiyani, Nuri n'kumuuza kuti akuti tizipita. Mwana wako si wopusa, anatsegula chitseko kuti adumphe. Nuri anamugwira mkono, n'kuliza lole, ndipo anayendetsa ndi dzanja limodzi m'makhona onse aja mpaka chifunga chinatsala kumbuyo. Ukaona mkono wa Sevim uli ndi mikwingwirima ya zala, usamunene Nuri. Ine ndinamupsompsona pachipumi anthu akuona.

Amuna anakwera mawa lake pamodzi ndi apolisi. Amayi anawapeza kutsidya, atakhala tsonga, atatsamira mwala womwe uja tinapezapo abambo. Mtengo wowolokera unakokoloka ndi madzi a mwezi wa Meyi, aliyense akudziwa zimenezo. Amunawo anawoloka madzi akuwalekeza m'chiuno. Masokosi a amayi anali ouma, ndinawavula ndekha powasambitsa. Dokotala walemba kuti ndi mtima ndi kuzizira, ndipo sindinatsutse.

Sevim sindinamuuze tanthauzo la kanyimbo kanu. Akudziwa kuti pali chimene chinalakwika, koma sakudziwa kuti n'chiyani, ndipo akafunsa ndimamupatsa ntchito. Asanakwere ndinamufunsa ndekha ngati amamva chiyankhulo cha mluzu, atati ayi ine n'kukhutira. Zofunsa ngati amauimba sizinandibwerere. Katunduyu ndi wako ndi ine, iye asasenze nawo. Amayi anamutsitsa wamoyo, ife tisamubwezere kumeneko ndi pakamwa pathu.

Sevim anyamuka sabata yamawa. Ukamulandire wekha, usatume munthu.

Nezahat


Duisburg, 25 Okutobala 1984

Achemwali anga,

Ndikupsompsona manja anu. Mulungu akupatseni mphamvu, mwagwira nokha ntchito imene inali ya tonse awiri. Mundiuze mmene mukugonera, ndi mmene bondo lilili.

Sevim anafika, ndinakamulandira ndekha. Akudya pang'onopang'ono. Ketulo ikayamba kulira amatuluka m'khitchini, ndiye mayi ake agula ina yosalira. Sindinamuuze kanthu, ndipo sindidzamuuza. Kalata yake ya kumsasa, yonena kuti agogo avomera, inandipeza uthenga wamaliro utafika kale. Ndinaiwerengera m'basi mpaka ndinapitirira potsikira.

Ndakhala ndikuganiza. Kutsidya kuja kumadutsa abusa a midzi ina. Matanthwe nawo amabweza mawu, chifunga chimanamiza khutu za kutalika. Mwina kumtunda kwa mtsinje kuli powolokera pena pamene amayi ankapadziwa okha. Mufunsefunse, achemwali. Ndikufuna munthu wa dzina ndi nkhope woti ndimukwiyire, chifukwa pakali pano ndikungodzikwiyira ndekha.

Nyumba ya kumsasa ikatsala yosakhoma, chipale chithyola mawindo. Mupeze munthu akakhome, inu musakwere. Ndipo mundiuze zoona, musandinyengerere: amayi ananenapo kanthu za ine? Sevim akuti anangofunsa za tsitsi.

Mlongo wanu,
Remzi


Tirebolu, 7 Novembala 1984

Mlongo wanga Remzi,

Landira moni. Ndikupsompsona maso ako, ulendo uno ndi mtima wonse. Mkwiyo wanga unatha, chatsala ndi kutopa. Sevim umukumbatire m'malo mwanga, ndipo undiuze ngati wayamba ntchito.

Munthu woti umukwiyire ndamufunafuna, palibe. Abusa a midzi ina anatsika Seputembala asanathe, ndafunsa m'nyumba zawo momwe. Powolokera pena palibe amene akupadziwa. Woti akakhome nyumba ndinamusowanso. Anyamata amene amadzitama patiyi onse anali ndi zochita, ndipo alamu ako msana unawagwira mwadzidzidzi m'mawa womwewo. Nuri yekha ndi amene anavomera, koma anati andisiya pothera msewu ndipo injini sazimitsa. Ndinakwera ndekha Loweruka, nyundo ndi misomali zili m'thumba. Usandikalipire, ukanakhalapo ukanakwera iwe.

Chipale chinali chitawaza kale pansonga za mapiri. Kumsasa kunali zii, kopanda belu, kopanda galu. Windo lakuseri lija amayi analitsekadi, sananame. Ndinakhoma matabwa mofulumira kuti nditsike kukadali kowala, koma manja anga ndi a nkhalamba. Ndili pawindo lomaliza, misomali ili pakamwa, chifunga chinandipeza.

Ndinamva, Remzi. Ulendo wa mu Ogasiti uja sindinamve kanthu, koma tsopano ndinamva, ndipo inali miluzu iwiri. Wina wokhuthala wochedwa, wina wopyapyala wothamanga, yonse kutsidya. Sinkaitana munthu. Ankakangana. Abambo amati ng'ombe ija inalowera kumanzere kwa mtsinje, amayi amati kumanja, ukanandimvera sukanasochera. Abambo amati iwe umadziwa zonse zinthu zikachitika kale. Amayi amati ndipo chipewa unachisiya pamsomali, munthu wamkulu kuyenda mutu uli pamtunda. Ndinakhala pabenchi n'kuyamba kuseka misozi ikutsika, misomali yonse inagwera m'matope. Sindinachite mantha. Zinali ngati tili ana, titabisala kuseri kwa khola tikuwamvetsera.

Kenako anasiya. Wopyapyala uja unatembenukira kuno. Unanditchula dzina, osati Nezahat, koma Nezo, limene palibe wandiitana nalo chikwatiwire. Mwini wake sunamutchule. Unafunsa ngati ndadya. Unafunsanso kachiwiri, mofatsa. Kenako unafunsa ngati Remzi wafika.

Unafuna kudziwa ngati amayi ananenapo kanthu za iwe. Ndi zimenezo.

Ndinazindikira chala chili kale pakamwa. Sindinkafuna kunena zambiri. Ndimangofuna kuwauza kuti ndadya, kuti iwe sunafike koma uli bwino, kuti mwana anafika kwawo. Ndine mayi waimvi tsopano. Amayi ndinawayankhapo mwano, ndinawayankhapo bodza, ndinawayankhapo ndikumenyetsa chitseko, koma sindinawasiyepo akundiitana osawayankha. Ndinaluma chalacho, n'kutola nyundo, n'kuyamba kutsika.

Anandiitana njira yonse. Sanayandikire, ndipo sanakwiye. Akanakwiya bwenzi ndikugona tulo masiku ano. Nditayamba kumva injini ya Nuri, mluzu unabwera komaliza, wapansipansi. Anati ndiyende bwino, pamiyala pakuterera.

Nuri sanandifunse kanthu, inenso sindinamufunse ngati anamva. Nyumba ndakhoma, kupatula windo limodzi limene latsala ndi thabwa lolendewera. Likhale choncho, sindibwererako.

Ukhululuke zilembo zokhota, chala chikadali chomanga nsalu.

Mchemwali wako,
Nezahat